Nyimbo ya Alinesi Pothawira ku Ejipito

Loweruka, sabata ya Khirisimasi. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima wanga wapepuka.

Masana tachita sewero la kubadwa kwa Ambuye pabwalo la sukulu yathu. Anthu anabwera ndi ngalawa kuchokera ku Makhanga. Mkazi wanga Alinesi ndiye anali Mariya. Anavomera monyinyirika, pakuti chiikireni m'manda mwana wathu Rute chaka chatha, sanaimbepo.

Gawo loyamba limatha pamene Mariya akuthawira ku Ejipito, ndipo ndinawaphunzitsa oimba nyimbo yamphamvu yotsekera. Itakwana nthawi ndinakweza dzanja, koma Alinesi anatitsogolera. Anayang'ana nsalu yokulungidwa imene anafukata ngati khanda, nayamba kuimba chapansipansi m'Chisena nyimbo imene ankagonetsera Rute. Dzanja langa linangotsala m'mwamba.

Amayi amene anathawa nkhondo kwa Apwitikizi ana ali kumsana anayamba kumuyankha, mmodzimmodzi, mpaka bwalo lonse. Asodzi anavula zipewa. Nyimbo yanga ija sitinaiimbenso, ndipo gawo lachiwiri sindikulikumbuka n'komwe.

Pobwerera kunyumba Alinesi anayenda pambuyo panga. Tili pafupi kufika anati, "Bambo a Rute, ndakuwonongerani sewero?"

Chaka chathunthu dzina limeneli silinatchulidwe pakhomo pathu. Ndinangomulandira nsalu ija n'kuinyamula ndekha.

Panopa akupeta mapira pakhonde, akuimbabe. Ndikuopa kutuluka, angaleke.