M'kamwa mwa Kachiwala

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni, inu ndi alamu ndi kakhanda kathu katsopano. Kaya muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya kukuvutani chibadwire mwana? Nanga Amayi, mawondo akuwalola kufika kumunda? Ine thupi lili bwino. Ndikudya, ndipo kuntchito ndikupita.

Mudabwa kulandira kalata pomwe timalankhulana pafoni. Pafoni ndimangokuuzani zimene adokotala anena, netiweki n'kuduka, ine n'kupuma kuti ndapulumuka. Pepala siliduka, ndiye lero ndinena zonse. Kalatayi ndapatsira dalaivala wandevu uja amene anabweretsa Kachiwala kuno pamene ndinamutenga kudzaphunzira.

Ndiyambe ndi zimene mukufuna kumva. Mwana wanu adakali m'chipinda cha ana odwala kwambiri. Kutupa kwa m'mutu, kumene kunayamba njinga yamoto itamugunda pochokera kusukulu, kukuphwa. Madokotala ayamba kuchepetsa mankhwala omugonetsa, ndipo zala akumagwedeza. Akupumabe ndi makina. Kapaipi kamalowa pakamwa n'kutsika kukhosi, ndipo anakamata ndi tepi m'masaya kuti kasasunthe. Chibayo alibe. Mawu amenewa muwagwire, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Munthu wabwinobwino amameza malovu ndi kukhosomola, m'kamwa n'kumayera mokha. Mwana wa pamakina sangathe. Pakamwa pamakhala potsegula, lilime limauma, tizilombo n'kumaswana m'mano. Malovu otenga tizilomboto amasonkhana kukhosi n'kumatsetsereka m'mbali mwa kapaipi mpaka m'mapapo. Chibayo cha pamakina chimayamba choncho, ndipo mwana amene wafooka kale chikhoza kumutenga. Zimenezi ndinaziwerenga ndekha, kenaka ndinafunsa adokotala, iwo n'kuvomera.

N'chifukwa chake anamwino amamutsuka m'kamwa kangapo patsiku. Amasamba m'manja, amavala magolovesi, amaonetsetsa kuti kumutu kwa bedi n'kokwezeka. Mmodzi amagwira kapaipi kopumira, wina amatsuka mano, nkhama ndi lilime ndi kamswachi kofewa, uku kapaipi kena kakuyamwa madzi ndi malovu kuti ngakhale kadontho kasatsikire kukhosi. Pomaliza amamudzoza milomo kuti isang'ambike. Poiona ndi ntchito yaing'ono, ya mswachi chabe, pakati pa makina onse aja olira ndi nyali zawo.

Kuntchito abwana andilola kumalowa m'mawa mokha. Ndimayeza mabotolo anga a madzi, masana n'kuthamangira kuchipatala. Mwini nyumba sanakonzebe mpopi wakubafa. Akuti pulambala wake anapita kumaliro, koma malirowo aika maliro ena, munthu osabwerako. Wanjinga amene anamugunda uja amabwera kudzakhala pabenchi panja pa wodi, chipewa m'manja. Masiku oyamba sindinkamuyankha moni. Ndinkaona ngati pabenchipo wolakwa ndi iye yekha.

Tsiku lina namwino wamagalasi, amene amayang'anira bedi la Kachiwala, anandiitana kuti ndimuunikire ndi tochi, poti nyale yapabedi sifika kumapeto kwa m'kamwa. Ndinasamba m'manja, anandiveka chophimba pamphuno. Tochiyo ndinaigwira mokhota, kuwala n'kumamupita namwinoyo m'maso. Anandiuza kuti ngati amalume akufuna kumuyeza maso adikire aweruke, pakadali pano wodwala ndi mwana.

Nditaunika bwino anandionetsa dzino lakumapeto, lam'munsi, mbali yakumanzere. Achemwali, dzinolo latsala chibowo chakuda. Nkhama yake yatupa, ndipo atakanikiza pang'ono panatuluka mafinya. Iye anali ataliona kale, dokotala wa mano n'kuitanidwa, koma ankafuna mbiri yake. Anandifunsa kuti mwanayu anayamba liti kutafunira mbali imodzi. Ndinati sindikudziwa. Anafunsa ngati ankadandaula akamwa madzi ozizira. Ndinati sanadandaulepo. Sanandidzudzule. Anangoti dzino lotere siliola sabata imodzi, ndipo m'kamwa mwa mwana wa pamakina lili ngati chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi chitsime.

Fanizo limenelo sanalisankhire ine, chifukwa ntchito yanga saidziwa. Koma inu mukuidziwa. Tsiku ndi tsiku ndimafufuza tizilombo m'madzi a anthu amene sindiwadziwa, ndipo ndatseketsapo zitsime chifukwa cha zimbudzi zoterozo. Mwana wodya nane patebulo limodzi sindinamuuzepo kuti ayasamule ndione.

Ndinapita kunyumba kukafufuza, monga mwa khalidwe langa. Mswachi umene ndinamugulira uli m'kapu pasinki, ndipo ndi wokutha, kusonyeza kuti ankamvera. Pakhoma padakali chithunzi cha dzino chimene ndinamujambulira atangofika, ndi timivi toloza pamene tizilombo timabisala. Phunzirolo ndinaphunzitsa bwino. Ndinangosiya kufunsa ngati pali pamene pakupweteka.

Yankho ndinalipeza kwa atelala, mayi wosoka zovala wa khomo loyang'anana ndi langa. Anati kuyambira nyengo yozizira Kachiwala wakhala akupita kwa iwo kukapempha madzi ofunda a mchere, atagwira tsaya. Atamufunsa chifukwa chake sakuuza amalume ake, anayankha kuti amalume akamawerenga safuna phokoso. Mwanayo anawonjezera kuti anandimva ndikukuuzani pafoni kuti ndi mwana wosavuta, ndiye sankafuna kuti ndioneke wabodza. Atelala akuti anafuna kundiuza, koma ndimadutsa pakhomo pawo maso ali m'nyuzipepala, moni wanga wa mutu ngati gulo. Anaseka ponena zimenezi. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani.

Ndakumbukira kuti ankachedwa kudya, ine n'kumamuuza kuti afulumire, homuweki ikudikira. Ndakumbukiranso kuti madzi a m'firiji ankawakana, ine n'kumati ndi chizolowezi cha kumudzi. Zizindikiro zonse zinalipo.

Mawa lake ndinakhala pafupi ndi wanjinga uja n'kumufunsa zimene anaona. Anati mwana ankawoloka dzanja lili patsaya, mutu utapendekera kumanzere, osayang'ana mbali imene iye ankachokera. Sananene modzichotsa mlandu. Liwiro lake walivomera, ndipo apolisi anayeza msewu. Sindinganene kuti dzino ndilo linamugunditsa, umboni wake ndilibe. Koma kuyambira tsiku limenelo moni wake ndimayankha.

Dokotala wa mano wapereka mankhwala opha tizilombo, ndipo akuti dzinolo adzalichotsa mwana akalimba. Kufikira nthawi imeneyo chitetezo chake ndi mswachi ndi kapaipi koyamwa malovu. Apa ndiye pali vuto. Pamene ankagona kwambiri ndi mankhwala, nsagwada zinali zofewa. Tsopano poti wayamba kutsitsimuka, mswachi ukangoyandikira mbali ya dzinolo amaluma. Amaluma mswachi, nthawi zina ndi kapaipi kopumira komwe, makina n'kuyamba kulira. Kuti amutsuke bwino ayenera kuwonjezera mankhwala ogonetsa. Akawonjezera amachedwa kuchoka pamakina, ndipo tsiku lililonse la pamakina limapatsa chibayo mpata wina. Akapanda kuwonjezera, mbali yoipayo imatsala yosayera.

Namwino anati ana ena amamasuka akamva mawu a munthu wawo, ndiye ndimulankhule. Ndinawerama n'kumufotokozera Kachiwala kuti mswachi ukuchotsa tizilombo kuti tisalowe m'mapapo, choncho n'kwanzeru kutsegula pakamwa. Namwino anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati kwathu ana timawalankhula ngati tikuwerenga nkhani pawailesi. Mwana analuma kuposa kale. Ndinawerenga kuti kuluma koteroko thupi limachita lokha, munthu wovulala m'mutu sasankha woti amulumire. Ndikukhulupirira zimenezo. Komabe tochi inandilemera m'dzanja.

Tsopano ndifike pa Lachitatu lija munaimba masana. Simukudziwa zimene zinachitika, chifukwa sindinakuuzeni. Munatipeza tili pakati pa ntchito yomweyi. Namwino anati ndiike foni m'kapulasitiki koyera n'kuiyandikitsa kukhutu kwa mwana. Inu munkangolankhula zanu. Munamuuza kuti kakhanda katenga makutu a alamu, kuti mbuzi yake yamawanga yaswa, kenaka munamukalipira kuti ulesi wanji wogona dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali nditaunika m'kamwa. Ndinaona nsagwada zikumasuka, mswachi n'kufika kumapeto kwenikweni, kumene unali usanafikeko chiyambire kutsitsimuka. Kenaka netiweki inaduka, ndipo analumanso.

Mutaimbanso munafunsa ngati anakumvani. Ndinayankha kuti n'zovuta kudziwa. Silinali bodza lenileni, chifukwa kamodzi si umboni, ndipo mwina anangotopa ndi kuluma. Koma kuntchito kwathu botolo limodzi likaonetsa kanthu, sitidikira lachiwiri anthu akumwa madziwo. Chimene chinandimanga pakamwa si kuchepa kwa umboni. Ndi chakuti ndine ndinakuletsani kubwera.

Tsiku la ngozi munali mutalongedza kale chikwama. Ndinakuuzani kuti chipatala si malo a khanda, ndipo mukabwera mudzangokhala pabenchi n'kumalira, popeza palibe chimene mungachite choposa makina. Ndinayala mfundo zanga bwinobwino mpaka alamu anagwirizana nane, inu n'kumasula chikwama. Za khanda ndinanena zoona. Zinazo ndinalakwa. Pabedi paja pali ntchito imene makina sangathe, namwino sangathe yekha, ndipo ine ndayesa, yandikanika.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Dalaivala ameneyu akusungirani mpando wakutsogolo pobwerera. Khanda mubwere nalo. M'wodi silingalowe, koma atelala avomera kukhala nalo pabwalo la chipatala, pali mthunzi, inu muzituluka kukayamwitsa. Anati analera ana awo ndi a eni omwe, mmodzi wa makutu aakulu sangawaopse. Adokotala alola kuti mayi aziima pabedi nthawi yotsuka m'kamwa. Adzakusambitsani m'manja mpaka m'zigongono, ndiye zikhadabo muwenge. Ngati muli ndi chimfine mundiuze msanga, chifukwa sadzakulowetsani. Chipinda changa ndakukonzerani, ine ndizigona pabalaza.

Sindikulonjeza kuti mukabwera chibayo sichimugwira. Palibe buku lolonjeza zimenezo. Ndikungoti m'kamwa mukamayera ndipo akachoka msanga pamakina, mwayi wake ukula, ndipo mawu anu ndi okhawo amene ndawaona akutsegula pakamwa paja.

Amayi muwauze zonse, ndi za dzino zomwe. Musanditchinjirize. Iwo ankakonda kutiuza kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Uyu ndi wa mlongo wanga weniweni, koma ndinamusunga ngati buku lobwereka, kulikuta bwino, kuliika pashelefu, osalitsegula. Zoti adzapitiriza sukulu kuno kapena adzabwerera kwanu tidzakamba akadzuka. Mudzamufunse iyeyo, ine ndili panja pabenchi.

Mundiperekere moni kwa Amayi ndi kwa alamu, amene ndikuwapepesa powasokeretsa ndi mfundo zanga. Moni kwa azakhali ndi ana awo, ndi kwa mng'ono wathu, amene ndikumupempha kuti azigona kwa Amayi inu mukachoka. Achimwene ake a Kachiwala muwauze kuti asamale mbuzi yamawanga, mwini wake adzafunsa. Ndipo musananyamuke muwayasamulitse onse muone.

Ndikakuchingamirani pasiteji, ndipo tikapita kuchipatala osadzera kunyumba. Mudzaima kumutu kwa bedi, mbali yakumanzere kumene kuli dzino. Mudzamukalipire monga munachitira paja. Ine ndidzagwira tochi, ndipo sindidzanena kanthu.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Wamabuku