Mizere Yokhota pa Mutu wa Chipo

Kanakantapa,
Chongwe.

Wokondedwa mng'ono wanga Purity,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi odwala ako a ku Solwezi amene ali ndi mwayi woona nkhope yako tsiku ndi tsiku. Ife kuno tili moyo. Alamu ako a Stanislaus msana uja unawaleka, tsopano akudandaula bondo, poti munthu sakhala wopanda chodandaula. Kizito ndi Stephen akukula ngati bonongwe wa pakhola, kudya kwake ngati ndinabala gulu la mpira. Mvula yagwa bwino, chimanga chamasula, ndipo msewu wathu wasanduka phala moti maminibasi akutitsitsira kutali.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati wa makedzana. Pa foni umaseka ndisanamalize mawu, komanso mwana wako amaima kuseri kwa chitseko makutu ali tcheru. Pepala silidula munthu pakamwa.

Nkhani ndi ya mutu wa Chipo. Kapena ndinene kuti ndi ya munda umene unalima pamutu pa Chipo pa Khirisimasi, n'kukwera basi, n'kusiyira ife kuti tikolole.

Unandiuza kale mu Okutobala kuti ndisamumetenso, ine n'kumvera ngati wantchito wako. Utafika, unayala mphasa pansi pa mango, mwana pakati pa miyendo yako, kuyambira potuluka ku Misa mpaka nkhuku kulowa. Ine ndinali m'khichini ndi utsi m'maso, kukazinga nkhuku yoti mudye inu a ku saluni. Kuseka kwanu ndinkakumva konse. Chipo amene amalira ngati ndikumusenda ndikangomukhudza ndi chinkhupule, tsiku limenelo unamukoka tsitsi mpaka maso kupendekeka, iye ali phee, kumwetulira.

Unamuluka tsitsi logula lofika m'chiuno, kunsonga kwake mikanda yofiira ndi yoyera. Akatembenuka, mikanda inkalira ngati maseche a kwaya. Akazi a m'dera lonse lino anabwera kudzaonerera, ati manja a Purity ndi odala.

Manja odala! Ine kuyambira pamene unamusiya pano akuyamwa chala, ndamudikirira pa chikuku, ndamubereka pa malungo, ndalimbana naye pa masamu ogawa mpaka tonse awiri kulira. Palibe ngakhale mmodzi anabwerapo kudzaonerera ndikuchapa masokosi.

Ndipo ndikudziwitse kuti ndinakwezedwa paudindo. Zaka zonsezi ine ndinali "amama", iwe unali "amama a ku Solwezi". Basi yako isanafike n'komwe ku Lusaka, ndinamva ndikuitanidwa kuti "amama aakulu". Aakulu! Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina kwabwera alendo.

Tsono sukulu inatsegulira. Malamulo ake ukuwadziwa, poti ndi omwe aja tinakulira nawo ku mishoni: yunifomu yofika pansi pa bondo, masokosi oyera, nsapato zakuda, zikhadabo zowenga. Tsitsi likhale lometa, kapena loluka mizere yogona yopita kumbuyo ija timati mukule, lopanda chogula, lopanda mkanda. Aphunzitsi aakulu, ba Chipasha, amaima okha pageti Lolemba lililonse, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anangomva maseche akubwera, n'kumulozera njira yomwe anadzera.

Atafika kunyumba ndinati khala pansi ndikumasule. Purity, mwana anagwira mutu ndi manja onse awiri ngati ndanyamula nkhwangwa. Anati, "Sinifuna! Aluka ni amama anga!" Amama anga. Nanga ine ndine yani, boma?

M'mawa mwake anadzimanga chitambala n'kupita, ati abisa. Ba Chipasha anati kuno si ku msonkhano wa amayi a Anna Woyera, n'kumubwezanso. Kuyambira pamenepo mwana anangokhala pakhonde, anzake akudutsa ndi mabuku, iye akusisita mikanda. Alamu ako anati tingomudula akagona. Kizito anadzipereka kugwira miyendo. Ndinawauza kuti m'nyumba mwanga simudzachitika zaufiti.

Masiku atapita, ndinaona kuti mwana akutsalira. Ndinavala suti yanga ija ya pa ma intaviyu, nsapato za gogoda m'matope, ndi digiri yanga yonse m'mutu, n'kumugwira dzanja ulendo wa kusukulu.

Ukanandimva! Ndinati tsitsi sililemba mayeso. Ndinati ubongo uli mkati mwa chigaza, osati kunja. Ndinati mwana ali ndi ufulu wa maphunziro, n'kuponyamo ndi Chingerezi cha mawu ataliatali. Tangoganiza, ine Clotilda, thukuta lili kamukamu, kumenyera nkhondo tsitsi limene mumtima ndinkalakalaka mbuzi italidya.

Ba Chipasha anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anati m'kalasi la Chipo muli ana amene kwawo sopo ndi mlendo. Anati mmodzi akalowa ndi mikanda, enawo amaleka kuyang'ana pa bolodi, ndipo madzulo amakalirira amayi awo chinthu chimene amayiwo sangachipeze. Ati yunifomu anaiikira kuti nsanje izitsala kunja kwa geti. Atatero anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati nsanje imavuta, mayi, ngakhale kwa akuluakulu. Sindikudziwa amene anawauza. M'dera lino nkhani imayenda kuposa minibasi.

Ndiye anafunsa funso limene linandivula suti. Anati bwanji osangomumasula n'kumuluka mukule inu nomwe, popeza lamulo silikakamiza kumeta?

Chipo anali pakhomo, anamva.

Pobwerera tinadzera pa mjigo. Pamenepo anati, "Amama aakulu, kansi mukule ni yololedwa? Nanga n'chifukwa chani mumanipeleka kwa ba Fred?" Ine ndinabala anyamata okhaokha. Fred amameta mitu itatu nthawi imodzi magetsi akakhalapo, ife n'kubwerako tonse tili mbee, nkhani yatha. Ndipo iwe ukudziwa bwino kuti pamene amayi ankakuphunzitsa kuluka, ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndi buku. Ankati tsiku lina buku lidzakuluka. Ndinkaseka.

Kenaka Chipo anawonjezera china. Anati zilibe kanthu, chifukwa amama anamuuza kuti ku Solwezi kuli sukulu yololeza tsitsi lililonse, ndipo temu ino ikatha abwera kudzamutenga.

Purity. Unauza mwana usanauze ine?

Ndinaima. Ndinamuuza kuti m'nsapato mwalowa mwala, n'kuwerama nthawi yaitali kuti asaone nkhope yanga. Iwe unagona m'nyumba mwanga, unadya nkhuku yanga mpaka chiwindi, unandikumbatira pa siteji, koma mawu amenewa unawanong'oneza mwana pansi pa mango ine ndikutsokomola ndi utsi.

Sindinakuimbire, chifukwa ndikanalankhula zoti ansembe akanatopa nazo pa kulapa. M'malo mwake ndinapita kwa mnansi wathu Twaambo, uja amaluka ana a m'dera lino Loweruka, n'kumuuza kuti andiphunzitse. Anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha anati mutu wa munthu si pophunzirira, ndiyambe monga amayambira atsikana onse, pa ndevu za chimanga.

Tsono mkulu wako, mlangizi wa zaulimi wa dera lonse lino, anayamba kulawirira kumunda wachitsanzo, kunjuta pakati pa mizere, kuluka chimanga. Zingwe zitatu, ichi pamwamba, icho pansi. Zala zimene zinalemba pepala lonse la kafukufuku wa nthaka zinkangopiringizana ngati zaledzera.

Tsiku lina ndinaiwala kuti ndinaitana alimi kudzaphunzira za ntchemberezandonda. Ndinangomva kutsokomola kumbuyo. Potembenuka, gulu lonse lili chilili, makasu paphewa, likuyang'ana chimanga chokongoletsedwa ngati chikupita ku ukwati. A Jabez, mdala uja wa pakamwa posatseka, anavula chipewa, nati, "Ba madamu, iyi ni njira yatsopano yochokera ku boma? Ngati ichulukitsa matumba, nikaluke munda wonse lelo lomwe." Mpaka pano ndikadutsa pamsika, anthu amandifunsa ngati chimanga changa chalandira chibwenzi.

Zonsezi chifukwa cha iwe. Ndikufuna udziwe.

Lamlungu lapitali titabwera ku Misa, Chipo anabwera yekha. Kukhala pakhonde kunali kutamukwana, ndipo anamva kuti malo ake pa netibo, mpira wamanja uja, apatsa mtsikana wina. Waona, nsanje ndi ya m'magazi mwathu. Anati ndingamumasule, koma mikanda yonse ilowe m'kachitini, tsitsi lako logula lija lilowe m'pepala la pulasitiki, zonse zikagone pansi pa pilo wake. Ndinavomera. Ndinamasula ntchito ya manja ako imodziimodzi, ndipo ndisakunamize, inali ntchito yabwino moti inandipsetsa mtima. Ngakhale kuseri kwa khutu, kumene palibe amayang'ana, unaluka mwaudongo.

Kenaka ndinati khala bwino ndikuluke. Anatembenuka kundiyang'ana ngati ndati ndiyendetsa ndege. Koma anakhala, pakati pa miyendo yanga, pamphasa yomwe ija, pansi pa mango womwe uja. Mutu wake unali wofunda. Sindinkadziwa kuti mwana ukamamuluka amatsamira bondo lako, n'kuyamba kukuuza zinthu zimene sanena maso ndi maso: amene amamuseka m'kalasi, amene amamubwereka labala osabweza, zimene amaopa. Zaka zonsezi nkhani zimenezi ndinkazisiya pansi kwa Fred pamodzi ndi tsitsi. Iwe unazimva tsiku limodzi.

Za zotsatira zake, usandifunse. Ine amene ndimakalipira alimi kuti azikoka chingwe pobzala, ndinatulutsa mizere yoti mlimi wanga atalima choncho ndingamuchotse m'gulu. Wina unayambira pamphumi n'kukathera kukhutu. Awiri anakumana pakati pa mutu n'kugwirizana zoyendera limodzi. Stephen anati zikufanana ndi msewu wa Kanakantapa nthawi ya mvula, ndipo anathawa ndisanapeze patapata.

Twaambo anasuzumira pampanda, nagwira pakamwa. Anati mubweretseni kuno mwanayo ndikonze msangamsanga dzuwa lisanalowe, asakachite manyazi mawa. Ine ndinali nditavomera kale mumtima. Chipo anatenga kagalasi, nadziyang'ana uku ndi uku nthawi yaitali. Kenaka anagwira mutu ndi manja onse awiri, monga anachitira tsiku lija, nati, "Iyayi ba Twaambo, musagwire. Aluka ni amama."

Amama, Purity. Popanda "aakulu". Ndinamvetsera bwinobwino ngati mawuwo akubwera m'mbuyo, sanabwere. Ndinati utsi wandilowa m'maso, chonsecho moto tinali tisanasonkhe.

Lolemba ba Chipasha anauzungulira mutuwo kuuyang'ana, magalasi anatsala pang'ono kugwa. Ati lamulo limanena za mizere, silinena kuti ikhale yowongoka, lowa. Mwana ali m'kalasi, malo ake pa netibo akuwamenyera.

Tsopano ndimve, mng'ono wanga. Chipo ndi wako. Unamubala ndiwe, ndipo sunamusiye pano chifukwa chomutaya koma chifukwa cha mashifiti a usiku amene amatidyetsa tonse pakavuta. Zimenezo sindikutsutsa, ngakhale ndili ndi digiri yotsutsira. Koma ndikukupempha, musiye amalize Giredi 7 kuno. Ali ndi anzake, ali ndi alongo ake awiri opusawa, ali ndi aphunzitsi amene amamudziwa dzina. Ndipo ali ndi ine, amene ndangoyamba kumene kumva nkhani zake. Usandilande mutu umenewu mizere isanawongoke.

Ngati mtima wako watsimikiza zomutenga, sindigona pamsewu kutsekereza basi. Koma uuze ine poyamba, mkazi kwa mkazi mnzake, osati kunong'oneza mwana. Undiyankhe temu isanathe, chifukwa tsiku lililonse akatchula Solwezi chakudya chimandikanika.

Tsitsi logula usatumizenso. Ngati manja akukuyabwa, tumiza chipeso cha kamchira chonga chako chija, mwina chinsinsi chili m'menemo.

Ndipo pa Pasaka ubwere ndithu. Mphasa ndiyala ndine pansi pa mango, mwana akhala pakati pa miyendo yanga. Iwe ukalowa m'khichini. Nkhuku ndasunga kale, nkhuni ndasankha zaziwisi. Ukakazinge bwinobwino, uzimva ife tikuseka.

Alamu ako akupereka moni, ati uwabweretsere mankhwala a bondo. Anyamata ati usaiwale kuti nawonso ali ndi mitu. Undiperekere moni kwa anzako a kuchipatala ndi kwa amalume a Sanford ukawaona ku tchalitchi. Mulungu akusunge, akudalitsire manja ako odalawo, koma awasunge ku Solwezi komweko mpaka nditaphunzira.

Ndine mkulu wako wokukonda, ngakhale sukuyenera,

Clotilda,
amake Kizito, amake Stephen, amake Chipo.