Tsekwe, Amalume ndi a Moyo

Lachitatu, Novembala. Kunazizira, basi ya ku Lewisham inachedwanso, koma mtima wanga uli mbee.

Masana kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno kutsidya kwa nyanja, tinawaikira kanema wakalekale wosalankhula, wa mphindi zochepa. Mnyamata wa pakoleji akufuna kulowa gulu la anyamata anzake, ndiye amulamula kuti ayende mumsewu atavala zogonera, atanyamula tsekwe. Pakona akumana ndi mtsikana amene amamufuna. Agwada pompo kumufunsira, tsekwe akumujompha khutu.

A Moyo, amene ndimawasamalira, sanalankhulepo chiwagwireni sitiroko. Pafayilo analemba kuti ndi a ku Zimbabwe, ndiye miyezi inayi yonseyi ndakhala ndikuwalankhula Chingerezi. Lero anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandikoka mkono n'kunena pang'onopang'ono m'Chichewa, "Iwe, amalume ake ali kuti? Akufunsira yekha ameneyu?"

Ndinagwada pambali pa njinga yawo ya olumala. "Ali kumudzi, bambo," ndinayankha.

"Ndiye amukana," anatero.

Mwana wawo wandiuza pafoni kuti a Moyo anakulira pafamu ku Zimbabwe, koma makolo awo anali a ku Dedza. Zikomo Ambuye. Mawa ndikalowa ndi "Mwadzuka bwanji, bambo," ndione ngati...