Galimoto ya Ababa

Lolemba, 6 Malichi

Sindinagone. Mulungu andikhululukire, mlongo wanga Sitani ali m'ndende pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo koma ine maganizo ali pa galimoto. Apolisi anabweretsa pepala Lachisanu: galimoto ya Ababa isagulitsidwe, isaperekedwe kwa wina. Kuyendera tiziyendera mpaka khoti ligamule. Ndi yokhayo yokhala ndi chokwezera chikuku chawo. Akaitenga, kuchipatala kokasefa magazi katatu pa sabata azipita bwanji?

Lachiwiri, 7 Malichi

Kwa loya, Mayi Brennan, ku Mirrabooka. Akuti kuno ku Western Australia khoti likangolengeza kuti munthu ndi wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, boma limatenga zake zonse. Ngakhale zimene anazipeza ndi thukuta. Ngakhalenso zimene anapatsa ena kalekale.

Ndati galimotoyo sinachokere kwa Sitani. Anditembenuzira kompyuta. Kanema wa kutchalitchi kwathu kwa ife Atonga ochokera kuzilumba za Tonga, apolisi ali naye: abusa akulengeza, "Mphatso ya Sitani kwa bambo ake," azimayi akuvina, Ababa akulira. Ine pakona, kuwomba m'manja kuposa onse.

Ndawauza zoona. Ndalama zinali zanga, za mashifiti kunyumba ya okalamba. Sitani anangokasankha galimotoyo poti amadziwa mainjini, dzina lake n'kulowa pa risiti. Ndine ndinapempha abusa kuti atchule iye. Nthawi imeneyo anthu ankamunena kwambiri, Ababa akulowa m'tchalitchi mutu uli pansi.

Loya akuti, "Ndiye munanamiza mpingo wonse?" Ndati kwathu ulemu wotere umamukhala bwino mwana wamwamuna. Angondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Akufuna mapepala anga a kubanki, komanso Sitani alumbire kuti sanaikepo kanthu. Zonse zilowe kukhoti pofika Lachisanu la sabata yamawa.

Ambuye, kodi bodza lachikondi mumaliwerenga pamodzi ndi enawo?

Lachinayi, 9 Malichi

Sitani waimba. "Achemwali, mukudya koma? Mawu anu aonda." Mwana ameneyu. Ndamufotokozera zimene loya akufuna. Iye akuti: "Chinthu chimodzi chokhacho chimene mdala amandinyadira nacho, mukufuna ndichilavule?" Ndati ndiye uziwabereka kumsana popita kuchipatala? Waseka, koma kuseka kwa munthu wofuna kulira. Nthawi yake ya pafoni yatha asanavomere.

Lachisanu, 10 Malichi

Mapepala a kubanki apezeka. Kulimba mtima ayi.

Loweruka, 11 Malichi

Ababa pachikuku, kansalu m'manja, kupukuta galimoto mbali imene dzanja likufika. Amaitcha Sitani Wamng'ono. "Uyu yekha ndiye sachedwa kubwera kunyumba."

Ndaphika lu, nyama ya nkhosa yokulunga m'masamba, ndi chinangwa, mchere n'kuthira kawiri chifukwa cha maganizo. Alawa, andiyang'ana. "Lesieli, ukufuna undimalize boma lisanandilande?" Taseka mpaka kutsokomola. Sindinawauze.

Lamulungu, 12 Malichi

Ndawauza zoona za galimoto pochokera kutchalitchi, pamaloboti, poti amakhala kumbuyo ndipo sindikanawayang'ana m'maso. Mantha anga ndi amenewo, ndikuvomera. Maloboti atatsegula, tapitirira mpaka kunyumba.

Ndikuwatsitsa, chokwezera chili pakati, akuti, "Imika. Unaigwirira ntchito nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri, Ababa."

"Ine n'kumakudandaulira kwa abusa kuti wasiya mapemphero a Lachitatu."

Agwira dzanja langa osalisiya, ali lendee m'malere, oyandikana nawo nyumba akutisuzumira pampanda. Ndati Ababa, titsike kaye. Akuti ayi, pano pali bwino.

Lolemba, 13 Malichi

Sitani waimba ndikutsuka mbale. Ababa anditsomphola foni, manja anga ali thovu lokhalokha. Ndilembe monga ndamvera, ndisaiwale.

"Iwe chitsiru changa, khala chete, ndikulankhula ndine. Za galimoto ndamva. Ukuganiza tsiku lija ndinkalirira matayala? Ndinkalira poti unali m'tchalitchi, mkeka wa agogo ako uli m'chiuno monga mwa mwambo wathu, utaumanga mokhota ngati thumba la mbatata. Zimenezo boma silingalande. Koma galimoto lilanda, ndipo mlongo wakoyu msana watha kale."

Kumbali inayo ndimangomva kufwenthera.

"Loya abwera kumeneko Lachitatu ndi pepala loti ulumbire. Ine Lachinayi ndili pamakina osefa magazi mpaka masana, foni ikhala pachifuwa panga. Undiyankhe ndisanatsikepo, mwana wanga."