Mpando Umene Ndaukana

14 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Tayi ija yafika bwino, zikomo kwambiri. Ndamvanso kuti mwauza kale anzanu onse a kutchalitchi kuti mwana wanu akukwezedwa pantchito. Khalani pansi kaye, Bambo. Mpandowo ndaukana.

Ntchito yanga mukuidziwa: kampani ikamadzitama ndi phindu, ine ndimafufuza zimene yabisa kunsi kwa mphasa. Abwana atanditchulira malipiro a mpando watsopanowo, ndinakopeka, pakuti nambala yake inali yonona. Koma chizolowezi n'chovuta. Ndinayamba kudziunika ndekha ngati kampani yokayikitsa.

Wokhala pampandowo amapatsidwa foni yosathimitsa ngakhale pamaliro. Loweruka amakhala mu ofesi ulele, ati akuluakulu sawerenga maola. Makasitomala amawadyetsa ndi ndalama zake, zomubwezera n'kubwera mochedwa, zina osabwera n'komwe. Masuti, kuchapitsa masutiwo, mafuta a galimoto, mayeso oti satifiketi isathe ntchito, zonsezo m'thumba mwake. Nditachotsera zimenezi n'kugawa zotsalazo ndi maola, ndinapeza kuti pa ola ndizilandira zochepa kuposa lero. Monga mukundidziwira, ndinabwereza masamuwo kangapo. Yankho silinasinthe.

Kwa abwana ndinalowa nditavala tayi yanu. Ataona masamu anga anaseka. "Iwe, timakulipira kuti uziunika makampani a eni, osati yathu ino!"

Ndinati, "Bwana, ndinu munandiphunzitsa kuti nambala yapamwamba ndi nyambo, mbedza ili m'kati."

Anayang'ana foni yawo imene inkalira patebulo. Kenako anafunsa chapansipansi, "Ungandiwerengereko zanganso?"

Ndinati, "Mudye kaye, bwana, pakuti mukaona yankho lake chakudya sichilowanso."

Mpando wapita kwa wina, wamng'ono kwa ine, ndipo mawa ndiyamba kumutchula kuti bwana. Zikundiluma pang'ono, sindibisa. Ndikuopanso manyazi amene ndakupatsani pamaso pa anzanu. Komatu Bambo, chiyambire ntchitoyi sindinaunikepo kanthu molongosoka chonchi, ndipo sukulu imene munandilipirira ija ndaiona phindu lake tsiku limenelo.

Moni kwa Amayi. Muwauze kuti Loweruka tsopano ndi langa. Ndikubwera ndi mdzukulu wanu, ndidzawaperekeze ndekha kukapimitsa maso aja, zimene ndakhala ndikungolonjeza pafoni. Lamlungu ndidzakhala pambali panu m'tchalitchi, tayi ili pakhosi. Anzanu akadzafunsa za mpando, musadzavutike, ndidzawayankha ndine.

Ine mwana wanu woyamba,
wosakwezedwa, koma wobwera Loweruka.