Zithunzi za mwana wanga atavala gauni zatsekeka mu hadi

Aphungu,

Ndine wojambula zithunzi, ndipo sikudzitama ayi, koma m'dera lathu lino nyumba zopanda chithunzi changa pakhoma n'zowerengeka. Ndajambula maukwati ndi ana omaliza sukulu mpaka imvi zamera. Ana a eni ndawaimika bwino m'magauni awo, kuwawongola chipewa, kuwauza kuti amwetulire, uku mumtima ndikuti langa tsiku lidzafika.

Mwezi wathawu lidafikadi. Mwana wanga wachisamba, mtsikana, wamaliza ku yunivesite ndipo tsopano ndi dokotala wa ziweto. Pamtundu pathu ponse ndi woyamba kuvala gauni. Pakhomo tilibe ndi mphaka yemwe, koma dokotala wake ndiye tili naye! Kamera yangayi ndi imene yamuphunzitsa mwana ameneyu, choncho tsikulo ndidalamula abale onse kuti mafoni abwerere m'matumba. Alamu anga atayesa kutulutsa yawo ndidawauza kuti, "Alamu, mmisiri ali pompano, musamuwonongere mwana nkhope ndi kafoni kanuko." Onse adamvera. Ndidajambula ndi mtima wonse: akulandira digiri, mayi ake akulira ndi chimwemwe, agogo ake aamuna atavala chipewa cha mdzukulu wawo chopendekera kukhutu. Zoona, chiyambire ntchitoyi sindidajambulepo zithunzi zokongola ngati zimenezi.

Ine kagwiridwe kanga n'kotere. Ndikafika ku situdiyo ndimasamutsira zithunzi zonse mu hadi, ija yapadera yolumikiza ku kompyuta ndi chingwe, kenako kadi ya m'kamera ndimaifomata kuti ikhale yoyera podikira ntchito ina. Ndidachitanso chimodzimodzi. Mawa lake masana, ndili mkati mokonza kuwala pa chithunzi cha digiri chija, magetsi adathima mwadzidzidzi. Atayaka, kompyuta idadzuka bwinobwino, koma hadi ayi. Kanyali kake kakuyaka ndithu, ikumveka kuzungulira mwakachetechete monga mwa masiku onse, koma ndikati nditsegule, kompyuta ikundifunsa ngati ndikufuna kuifomata.

Alamu aja akuti ndingovomera, iyera n'kuyambanso kugwira ntchito. Mayi akunyumba amva ku saluni kuti hadi yotere imatsitsimuka ukaigoneka mufiriji. Kuseri kwa situdiyo yanga kuli mayi wina wokonza makompyuta, koma amacheza ndi wojambula mnzanga amene timalimbirana makasitomala, ndipo ndikuopa kuti dzuwa lisanalowe nkhani ikhala ili m'kamwam'kamwa. Mwanayo akupita kukayamba ntchito kutali posachedwapa, ndipo akufuna kunyamula chithunzi chake cha mufelemu. Akandifunsa ndimangomuyankha kuti ntchito yabwino sathamangira. Loweruka lino ndili ndi ukwati woti ndikajambule, kadi ija, yomwe sindinajambulirepo kanthu chiifomatireni, ili kale m'kamera, koma mutu wanga sukugwira. Ndithandizeni, ndagwira njakata.

B. Z., bambo wa dokotala

Bambo wa dokotala,

Choyamba landirani ulemu wanu. Kuphunzitsa mwana ndi kamera mpaka kuvala gauni si masewera, ndipo kunyada kwanu n'koyenera. Koma tsopano khalani pansi mumve, chifukwa ngozi yaikulu siili mu hadi ayi, ili m'kamera mwanumo.

Kadi imeneyo itulutseni lero lomwe, musanamalize n'kuwerenga komwe yankholi. Kufomata kwa m'kamera nthawi zambiri sikupukuta zithunzi zenizenizo, kumangochotsa chikwangwani cholozera pamene zili. Zimatheratu pokhapokha mukajambula zina pamwamba pake. Mukapita nayo ku ukwati wa Lowerukawo, mkwatibwi wa eni adzakhala pamwamba pa dokotala wanu, ndipo pamenepo palibe katswiri angam'dzutse. Ikani kadiyo mu envulopu, mulembepo kuti isakhudzidwe, ku ukwatiko mupite ndi ina.

Za hadiyo, funso la kompyutalo muziliyankha kuti ayi, ndipo lekani kuilumikiza n'kuizula kangapo patsiku ngati mukudzutsa mwana waulesi. Magetsi akathima hadi ili mkati molemba, kawirikawiri chimasokonekera ndi dongosolo lake losonyeza kuti chakuti chili pati, katundu ali momwemo. Poti mwati ikuzungulira mwakachetechete, chiyembekezo chilipo ndithu. Ikadzayamba kulira kuti kha kha kha, izimitseni pomwepo, chifukwa pamenepo chavulala ndi chitsulo cha mkati. Musaimasule ndi sikuludiraiva, musalembemo kanthu kalikonse. Zamufiriji zija auzeni mayi mwaulemu kuti chinyezi ndi hadi sizimwerana madzi. Alamu anuwo ayamikeni pomvera tsiku lija, koma pa nkhani iyi musawamvere.

Kenako nyamulani zonse ziwiri, kadi ndi hadi, mupite kwa mayi wokonza makompyuta uja. Afunseni ngati adagwirapo ntchito yobweza zinthu zotayika. Muwauze kuti asayambe n'kukonza hadiyo, ayambe akopera zonse zili m'menemo ku hadi ina, ndipo pulogalamu yofufuzira zithunzi aiyendetse pa kope limenelo. Zomwe zapezeka zisungidwe pena, osati pomwe zachokera. Akakayika, akulozereni kwa wodziwa kuposa iwo. Mukuopa kusekedwa ndi wojambula mnzanu? Mlekeni aseke, naye magetsi amamuthimira. Manyazi anu asadyetse mwana zithunzi zake.

Mtsogolomu sinthani kagwiridwe kanu. Kadi isamafomatidwe zithunzi zisanakhale m'malo awiri osiyana, ndipo pezani kabatire kaja kogwirizira kompyuta magetsi akathima, kuti muzikhala ndi mpata woizimitsa bwino.

Mwanayo muuzeni zoona madzulo ano. Munthu amene waphunzira kupima ng'ombe yosalankhula wazindikira kale kuti bambo ake akubisa kanthu. Funsaninso anzake a m'kalasi, poti iwo lamulo lanu la mafoni silidawakhudze, ndipo mwina wina adamujambula akulandira digiri.

Ndikukhulupirira kuti zambiri zibwerera, ngakhale sindingalumbire. Koma zibwere kapena zisabwere, gauni imabwerekeka. Mwana asananyamuke, itananinso banja lonse, iye avale gauniyo kachiwiri. Chenjezo langa ndi ili: tsiku limenelo kamera musaigwire. Mwanditchulira mayi ake, mwanditchulira agogo ake, koma munthu amene adavutikira digiri imeneyi adali kuseri kwa kamera tsiku lonse. Ngakhale hadi itabweza chithunzi china chilichonse, mwana wanu apita kutali alibe n'chimodzi chomwe ali ndi bambo ake. Valani jekete, mupatse wina kamerayo, muime pambali pa dokotala wanu.

Aphungu