Ndinathyola bawuti ya galimoto ya apongozi n'kubisa

Aphungu,

Kalatayi ndikulemba chiimirire kuseri kwa kauntala, chifukwa kukhala pansi kukundikanika. Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimagulitsa m'shopu ya zitsulo pafupi ndi msika wa Chisokone ku Kitwe kuno. Masipanala, masoketi, majeke, zonsezi ndimazidziwa maina ndi masaizi omwe. Koma kunena zoona, chiyambire ntchitoyi ndimangogulitsa, kuzigwiritsa ntchito sindinaphunzire.

Ndili ndi chibwenzi ku Mushili ku Ndola, dzina lake Mervis. Ankhoswe anakumana kale, ukwati uli mu Okutobala. Bambo ake, a Chirwa, anali kalaliki ku mgodi, pano anapuma, ndipo ndi mkulu wa mpingo. Ndi munthu wa mawu ochepa. Chaka chathunthu ndakhala ndikufika pakhomo pawo, koma nkhani zathu sizipitirira moni ndi za mvula. Malo anga ndi kampando ka pakhonde, maso pansi, monga achitira mkamwini aliyense.

Loweruka lapitali ndinawapeza padzuwa akulimbana ndi galimoto. Amafuna kusinthanitsa matayala, akutsogolo apite kumbuyo, chifukwa Loweruka likubwerali ali ndi ulendo wa ku Mchinji kukavundukula chiliza cha mayi awo. Anali akuponda sipanala ndi phazi, thukuta kamukamu, nati osasuntha. Ine mtima unati mwayi wanga ndi uno. Ndinathamangira kwa mnzanga Boyd, amene ali ndi makina a batire omasulira manati, aja amati impakiti. Pondipatsa anangoti, "Iwe, ni five minutes chabe. Wafaka soketi pa nati, wakanikiza apa, chapwa, ntchito yatha."

Kumasula kunayendadi bwino. Manati amangoyoyoka ngati ndikutong'ola chimanga, mpaka amayi ake a Mervis anatuluka kudzaonerera. Apa mutu unandikula. Pomanga sindinayambe ndi dzanja ayi. Ndimangoika nati m'soketi, kulozetsa pa bawuti, n'kukanikiza. Makina akayamba kugogoda ndimapitirizabe, poganiza kuti ulendo wautali umafuna manati olimba kwambiri.

Pa tayala lakutsogolo, mbali ya kumanzere, imodzi mwa manati asanu inalowa mopendama. Ndinaiona, koma ndinaikakamiza mpaka inafika. Yotsatira ndiye inangoti thyo, makina n'kuyamba kuzungulira pachabe. Nati inagwa pansi ndi chidutswa cha bawuti m'kati mwake. Nthawi imeneyo n'kuti a Chirwa atalowa m'nyumba kukasamba m'manja. Ndinatola, kuika m'thumba, n'kubwezera chivundikiro cha pulasitiki chobisa manati msangamsanga.

Atatuluka anazungulira galimoto, kenako anandiyang'ana m'maso koyamba chidziwirane. Anati, "Mwagwira ntchito, mwana wanga. Lero mudyera m'nyumba." Aphungu, ndinakhala patebulo lawo chitsulo chikundibaya pantchafu. Mmawa wake akuti anauza akuluakulu anzawo kutchalitchi kuti apeza mkamwini wa luso la manja. Mervis akungosangalala, akuti sanawaonepo bambo ake akutama munthu chotere.

Chichokereni tsiku limenelo mtima suli m'malo. Lolemba kasitomala anafuna mahinjesi, ine ndinamupatsa loko. Lachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Ndola kuti ndikaulule, koma ndinatsika isanadzaze. Ndinakweranso ina, ndinatsikanso, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndikugulitsa kanthu. Boyd akuti ndisadzivute, mabawuti anayi ndi okwanira, ena amayenda ndi atatu. Koma ulendowu ndi wa makilomita oposa 800, galimoto idzadzaza anthu ndi katundu, ndipo Mervis ndi amene amakhala mpando wakutsogolo, pamwamba pa tayala lomwelo.

Ndikuchita mantha, komanso manyazi akundipha. Ndaganiza zomunyengerera Mervis kuti abe makiyi ndikakonzetse mwakachetechete, koma bambo ake galimoto sapatsa munthu. Ndaganizanso zomuuza kuti iyeyo adzakwere basi, ndinamizire kuti m'galimoto mudzapanikizana. Kodi mabawuti anayi angafike ku Mchinji? Nanga mkamwini amene sanalowe n'komwe m'banja amayamba bwanji kuuza apongozi kuti anawanamiza? Ndithandizeni, masiku akutha.

F.B., Ndeke, Kitwe

A F.B.,

Kalata yanu inafika Lachitatu ndipo yankho ili ndinakutumizirani pa foni tsiku lomwelo, poti nkhani ngati iyi siidikira tsiku la nyuzipepala. Ndaisindikiza, maina nditasintha, chifukwa makinawa achuluka m'tauni muno ndipo amene akuwagwira ngati inu ndi ambiri.

Funso loyamba: ayi. Galimoto imeneyo isapite ku Mchinji, ngakhale ku Kitwe isabwere. Mukuwerenga mabawuti anayi, ine ndikuwerenga atatu, chifukwa ija munaikakamiza mopendama mazinga ake anadyeka. Atatuwonso munawakoka mopyola muyeso, chimodzimodzi a matayala enawo. Bawuti yokokedwa siionetsa, imathyokera pamsewu, galimoto ili pa liwiro. Boyd ndi mnzanu wabwino pobwereketsa zinthu, koma dzina lake palibe pa mndandanda wa okwera.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. Mwaganiza zoti Mervis akwere basi. Nanga amayi ake ndi bambo ake, iwo akwere chiyani? Werenganinso chiganizo chimenecho pang'onopang'ono. Sindikuti ndinu munthu woipa. Munthu woipa sakadakwera minibasi kawiri. Koma manyazi akufikitsani poganiza zinthu zosayenera inu.

Chitani izi. Pemphani tchuthi mawa m'mawa, mukwere, ndipo musatsike mpaka Mushili. Musatume Mervis, musamuike pakati pa inu ndi bambo ake. Musadikirenso ankhoswe, iwo ndi a nkhani za ukwati, iyi ndi ya tayala. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani mmodzi wa iwo akuperekezeni, koma pakamwa pakhale panu. Pemphani a Chirwa pambali, khalani pansi mwaulemu monga mumachitira, tulutsani chidutswacho muwaonetse. Mawu ake ndi ochepa: ndinathyola, ndinachita mantha, ndinabisa, ndalakwa. Musaonjezere zoti makina ndi amene anali ndi vuto. Ulemu kwa apongozi ndi kugwetsa maso, inde, koma sufika pongowayang'ana akulowa m'ngozi.

Mukatero itanani makaniko weniweni abwere pakhomopo, kapena muyendetse galimotoyo pang'onopang'ono mpaka pa galaja yapafupi. Achotse matayala onse anayi, aone bawuti iliyonse, asinthe zothyoka, zodyeka ndi zonse zokayikitsa, pamodzi ndi manati ake. Ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo mtolo wake ndi wanu.

Muime pomwepo muphunzire. Impakiti ndi yabwino pomasula, bola soketi ikhale yake yeniyeni, yakuda ija, yokwana bwino. Pomanga, nati iliyonse imayamba ndi zala mpaka italowa mosavuta maulendo angapo. Ikakana, bwezani muyambirenso. Mangani modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya kwake, osati motsatana. Makina angofikitsa nati pa wilo basi. Kumalizitsa ndi kwa sipanala yoyezera kulimba, ija imalira ikafika pa muyeso wolembedwa m'buku la galimoto, tayala litatsitsidwa pansi. A Chirwa akayenda makilomita 50 kapena 100, aime aonenso manati onse. Ndikukhulupirira sipanala imeneyo ili pa shelefu m'shopu mwanu momwemo, ndipo mwagulitsapo zingapo.

Kodi a Chirwa akwiya? Mwina. Mwinanso mubwerera pakhonde kwa miyezi ingapo, ndipo kutchalitchi kuja nkhani isintha. Sindingakulonjezeni kuti aseka. Koma bambo amene wagwira ntchito ku mgodi moyo wake wonse amadziwa kusiyana kwa munthu wolakwitsa n'kunena ndi wolakwitsa n'kukwirira, chifukwa kumeneko wachiwiriyu ndi amene amaphetsa anzake.

Chenjezo langa ndi ili. Likafika Lachisanu musananene, za Okutobala muiwale, ngakhale galimotoyo itapita n'kubwerako bwinobwino. Mwana wa eni sapatsidwa kwa mwamuna amene angaime pageti, akudziwa zimene mukudziwazi, n'kumamubayibitsa galimoto ikunyamuka.

Aphungu